Mafuta odzola a mbeu: kuphunzitsa kuyenga kokha sikukwanira

M'misika ndi pa zionetsero za ulimi m'maiko a chigawo chino, timabotolo ta mafuta odzola oyengedwa kumudzi tachuluka. Pali a malambe, a mfula, a chammwamba, a nsatsi, a nimu ndi a mpendadzuwa. Oyenga ambiri ndi magulu a amayi ndi makalabu a achikumbe, ndipo ambiri mwa iwo luso limeneli analiphunzira kwa alangizi. Imeneyi ndi ntchito yotamandika, pakuti njere zimene kale zinkatayidwa kudzala tsopano zikulipirira ana sukulu. Koma pa mapepala omata pa mabotolowo, mau amene amaoneka kawirikawiri ndi akuti "achilengedwe", ngati kuti mau amenewa paokha akutsimikiza kuti palibe choopsa. Nkhalango imene imabala mfula ndi yomweyo imene imabalanso mwavi.

Zambiri zimene zimachititsa kuti mafuta akomere khungu kapena alipweteke zimachitika mafutawo asanafike m'manja mwa wodzola. Zimadalira chomera chimene njere zachokera, mtundu wa mbeu, dera limene yalimidwa, kaumitsidwe, kasungidwe ndi kayengedwe. Zonsezi ndi nkhani za ulimi. Motero mlangizi amene waphunzitsa gulu kuyenga mafuta odzola ali ndi udindo wophunzitsanso malire a mafutawo, ndipo udindo umenewu sungasiyidwe m'manja mwa a zaumoyo okha.

Chimene chasintha

Kudzola mafuta a mbeu si chinthu chachilendo. Makolo ankakazinga nsatsi, kuzisinja mumtondo, kuziwiritsa m'madzi ndi kuwengula mafuta oyandama pamwamba. Kum'mwera kwa Mozambique anthu akhala akuyenga njere za msikidzi, mtengo umene kumeneko amautcha mafurreira, ndipo amadziwa kusiyanitsa mafuta odya ochokera ku mnofu wokuta njere ndi mafuta owawa a m'kati mwa njere, amene ndi odzola ndi opangira sopo. Kumpoto kwa Namibia amayi akhala akuswa njere za mfula kuyambira kalekale. M'njira zonsezi nzeru zinali m'kakonzedwe. Woyenga ankadziwa mtengo umene watolako njere, ankayenga pang'ono pokwanira banja lake, ndipo mafuta ankatha asanakhalitse.

Zinthu zinayamba kusintha ndi kubwera kwa makina ofinyira pamanja. Mu 1985 Carl Bielenberg anakonza makina otere ku Tanzania pofuna kuthandiza alimi a mpendadzuwa, ndipo m'zaka zotsatira anafalikira ku Zambia, Zimbabwe ndi maiko ena. Kenaka panadza msika wa kunja. Kopaletivi ya amayi ya Eudafano, ku Ondangwa m'dziko la Namibia, inayamba kugulitsa mafuta a mfula ku kampani ya The Body Shop m'chaka cha 2000, ndipo mu 2001 kunakhazikitsidwa bungwe la malonda a zinthu za m'chilengedwe limene linadziwika ndi dzina lakuti PhytoTrade Africa. Magulu ambiri a kumudzi anaona zimenezi natsatira.

Kusiyana kwake n'kwakuti mafuta opita kunja amayesedwa m'malaboletale asanalowe m'zodzola, pakuti malamulo a ku Ulaya, monga a mu 2009, amafuna umboni wakuti chodzola chilichonse n'chosavulaza. Botolo logulitsidwa pamsika wa kumudzi silidutsa m'mayeso otere. Mafuta ake ndi ofinyidwa osaphika, njere zake n'zogula kwa anthu osiyanasiyana, amakhala padzuwa miyezi ingapo, ndipo wogula ndi mlendo amene angakadzoze khanda la masiku atatu. Chitetezo chakale chachoka, koma chatsopano sichinafike.

Khungu sililandira mafuta onse mofanana

Khungu lapamwamba la munthu lili ngati khoma la njerwa. Timaselo touma ndiye njerwazo, ndipo pakati pake pali mafuta a thupi lomwe amene amagwira ntchito ya dothi lomangira. Khoma limeneli limasunga madzi m'thupi ndi kutsekereza tizilombo ndi zoyabwa. Mafuta odzola abwino amathandiza khomali, pamene ena amafewetsa dothi lomangiralo mpaka kusiya ming'alu.

M'mafuta ambiri a mbeu muli maasidi awiri akuluakulu, wa linoleic ndi wa oleic. Wa linoleic thupi limaugwiritsa ntchito pomanga khoma lija. Wa oleic, makamaka ukamasuka m'mafuta, umalowerera pakati pa timaselo ndi kusokoneza dongosolo lake, n'chifukwa chake opanga mankhwala amaugwiritsa ntchito pofuna kuti mankhwala opaka alowe msanga m'thupi.

Mu 2013 akatswiri a ku yunivesite ya Sheffield ku Britain anafalitsa zotsatira za kafukufuku wa anthu akuluakulu 19. Ena mwa iwo ankapaka mafuta a olive pamkono umodzi ndi a mpendadzuwa pamkono winawo, kawiri patsiku kwa milungu inayi. Mafuta a olive, amene ali ndi oleic wambiri, anafooketsa khungu ndi kulifiiritsa pang'ono, ngakhale mwa anthu amene analibe vuto la khungu kale. A mpendadzuwa sanaononge khungu ndipo analithandiza kusunga chinyezi. Anthu 19 ndi ochepa, komabe phunziro lake n'lomveka: mafuta odula ndi otchuka sindiwo nthawi zonse oyenera khungu.

Umboni wina unachokera ku chipatala cha ana ku Dhaka m'dziko la Bangladesh, ndipo unafalitsidwa mu 2005. Makanda obadwa masiku asanakwane amene ankadzozedwa mafuta a mpendadzuwa okhala ndi linoleic wambiri anatenga matenda a m'chipatala mocheperapo ndi magawo 41 pa 100 alionse poyerekeza ndi amene sankadzozedwa. Mu 2022 bungwe la zaumoyo la dziko lonse la WHO linati kudzoza mafuta makanda obadwa masiku asanakwane kapena obadwa ochepa sikelo kungathe kuganiziridwa. M'chaka chomwecho bungweli linanenanso kuti sililimbikitsa kudzoza mwachizolowezi makanda obadwa pa nthawi yake ndi athanzi pofuna kupewa matenda a khungu. Choncho mafuta amodzimodzi ndi othandiza kwa mwana wina pansi pa diso la namwino, koma umenewu si ufulu wakuti wogulitsa aliyense alembe pabotolo kuti mafuta ake ndi a makanda.

Apa ndi pamene nkhaniyi imabwerera kumunda. Dzina lakuti mafuta a mpendadzuwa silinena zonse. Mpendadzuwa wamba wolimidwa kumalo ozizira umabala mafuta amene linoleic wake amapitirira magawo 60 pa 100 alionse. Koma mu 1976 ku Krasnodar, m'dziko limene panthawiyo linali Soviet Union, kunatulutsidwa mtundu wa Pervenets, kholo la mitundu ya masiku ano imene mafuta ake ali ndi oleic wokwana magawo 75 kapena kuposa. Mitundu imeneyi amaikonda okazinga zakudya chifukwa mafuta ake sachedwa kupirira moto ndi kukhalitsa, koma pakhungu ili pafupi ndi olive kusiyana ndi mafuta amene anayesedwa ku Dhaka. Nyengo nayo ili ndi mbali yake. Kukamatentha pamene njere zikukhwima, makamaka usiku, linoleic amachepa ndipo oleic amachuluka. Mbeu imodzimodzi yobzalidwa ku mapiri a Dedza kapena Angónia ndi yobzalidwa m'zigwa za Shire, Luangwa kapena Zambezi sizibala mafuta ofanana. Namwino sangadziwe zimenezi poyang'ana botolo. Amene angadziwe ndi mlangizi amene anaona mbeuyo ili m'munda.

Izi sizitanthauza kuti mafuta onse a oleic wambiri ndi oipa. Mafuta a mfula ndi a chammwamba ali ndi oleic woposa magawo 65 pa 100 alionse, ndipo a mfula atayesedwa pakhungu la anthu akuluakulu ku South Africa mu 2015 anapezeka kuti sayabwa ndipo amasunga chinyezi. Khungu la munthu wamkulu wathanzi limapirira zambiri. Chenjezo likukhudza makanda ndi anthu a khungu lothetheka, loyabwa kapena la zilonda, amene khoma lao ndi lofooka kale.

Mtedza ndi ziwengo

Mtedza ndi mbeu ya mafuta imene imapezeka pafupifupi pakhomo lililonse kuchokera ku Mchinji mpaka ku Petauke ndi Nampula, ndipo n'chapafupi kuti gulu liyenge mafuta ake n'kuwagulitsa ngati odzola. Vuto lake lili m'mapuloteni. Mafuta oyeretsedwa kufakitale amakhala atachotsedwa pafupifupi mapuloteni onse, pamene ofinyidwa kumudzi amatsala nao. Pa kafukufuku wa ku Southampton wa mu 1997, anthu 60 odwala ziwengo za mtedza anapatsidwa mafuta a mitundu iwiriyi kuti alawe. Palibe amene anadwala ndi oyeretsedwa, koma 6 anaonetsa zizindikiro ndi osayeretsedwa.

Chodetsa nkhawa kwambiri ndi njira imene ziwengozi zimayambira. Mu 2003 kafukufuku wa ana pafupifupi 14,000 a m'dera la Bristol anaonetsa kuti ana amene anadzakhala ndi ziwengo za mtedza, ambiri anali atapakidwa zodzola zokhala ndi mafuta a mtedza pakhungu la zidzolo ali makanda. Mu 2015 kafukufuku wina wa ku London anapeza kuti makanda amene anayamba kudya mtedza msanga anapewa ziwengozo ndi magawo pafupifupi 80 pa 100 alionse poyerekeza ndi amene ankawasalitsa. Zikuoneka kuti thupi likakumana ndi mtedza kudzera m'kamwa limauzolowera ngati chakudya, koma likakumana nao kudzera m'ming'alu ya khungu limautenga ngati mdani.

Uthenga wa mlangizi pamenepa uyenera kukhala wosamalitsa, kuti usaononge ntchito ina yabwino. Phala lothira nsinjiro lipitirire kuperekedwa kwa ana ofika miyezi 6 monga a zaumoyo amalangizira. Chosayenera ndi kupaka mafuta a mtedza ofinya kumudzi pakhungu la mwana wa zidzolo. Chitowe nacho chimadziwika kuti chimayambitsa ziwengo mwa anthu ena, kotero lamulo ndi lomweli. Botolo lililonse lokhala ndi mafuta a mtedza kapena chitowe, ngakhale osakaniza pang'ono chabe, liyenera kulembedwa choncho poyera.

Njere za poizoni sizifanana

Nsatsi ndi jatrofa, umene kwina amautcha msatsimanga, ndi zomera za banja limodzi, ndipo anthu ambiri amaganiza kuti mafuta ake ndi amodzi. Kuganiza kotereku n'koopsa.

Poizoni wa nsatsi, wotchedwa ricin, ndi puloteni wosungunuka m'madzi. Salowa m'mafuta, amatsalira m'zotsala za kufinya zimene alimi a ziweto amazitcha keke, ndipo moto umamuononga. Njira ya makolo yokazinga ndi kuwiritsa inali yanzeru pa chifukwa chimenechi. Mafuta a nsatsi osefedwa bwino ndi odzola ndithu, ngakhale pali anthu owerengeka amene amatupa nao milomo kapena khungu. Ngozi yaikulu ili kwa oyenga ndi oyandikana nao. Keke ya nsatsi imapha ziweto ndipo ikhoza kupha mwana, pamene fumbi lake lili ndi chinthu china choyambitsa mphumu chimene sichifa ndi moto. Mu 1955 kunalembedwa za anthu oposa 200 ku South Africa amene anadwala mphumu kaamba ka fumbi lochokera kufakitale yoyenga nsatsi. Gulu loyenga nsatsi liyenera kugwirira ntchito pamalo opita mphepo, kutali ndi nyumba zogona, kusefa mafuta mpaka atayera, kukwirira keke, ndiponso kusafinyira mafuta odya m'makina omwewo.

Jatrofa ndi wosiyana. Poizoni wake wamkulu, wotchedwa phorbol ester, amasungunuka m'mafuta momwemo ndipo kuwiritsa wamba sikumuchotsa. Amayabwa ndi kutupitsa khungu, ndipo pa mbewa zoyesera m'laboletale anaoneka kuti amafulumizitsa kukula kwa zotupa za pakhungu. M'zaka za pakati pa 2005 ndi 2010 alimi a ku Mozambique, Zambia, Malawi ndi Tanzania analimbikitsidwa kubzala jatrofa wambiri kuti apangire mafuta a galimoto. Mapulojekiti ambiri anagwa, koma mitengo inatsala m'mipanda ndi m'malire a minda, ikubalabe njere zopanda msika. N'zomveka kuti mlimi afune kupezapo kanthu. Komabe mafuta a jatrofa sayenera kugulitsidwa ngati odzola. Sopo ndi nkhani ina chifukwa soda amasintha mafuta, koma nayenso ayenera kuyesedwa ndi a bungwe loona za miyezo asanapite pamsika.

Mafuta a nimu ndi a malambe amaphunzitsa chinthu china: chodzola sichichedwa kusanduka chakumwa. Mu 1981 madokotala a ku Malaysia analemba za makanda amene anamwetsedwa mafuta a nimu pang'ono ngati mankhwala, nayamba kusanza, kuwodzera ndi kukomoka, ena mpaka kumwalira. Mafuta opakidwa pabere la mayi woyamwitsa kapena m'manja mwa khanda amathera m'kamwa. Mafuta a malambe ndi abwino pakhungu la munthu wamkulu, koma ali ndi maasidi a gulu la cyclopropene amene anaononga chiwindi cha nyama zoyesera zitawadya. Mu 2013, anthu ambiri ku Tanzania atayamba kuwamwa monga mankhwala a matenda osiyanasiyana, bungwe limene panthawiyo linkayang'anira zakudya ndi mankhwala m'dzikomo linachenjeza kuti asamwedwe. Ufa wa malambe, umene unaloledwa kugulitsidwa ngati chakudya ku Ulaya mu 2008, ndi chinthu china, ndipo mafuta a njere zake ndi chinanso. Pabotolo la mafuta otere payenera kulembedwa m'chinenero cha wogula kuti ndi odzola okha.

Zochitika pakati pa munda ndi botolo

Ngakhale mbeu yabwino ikhoza kubala mafuta oipa. Njere zosauma bwino zimapitiriza kugwira ntchito m'thumba, ndipo mafuta a m'kati mwake amayamba kusweka ndi kumasula maasidi aja. Asidi womasukayo ndiye amene amalowerera khungu ndi kuliyabwa. Chinyezi chomwecho chimaitana chuku. Chizolowezi chowaza madzi pa mtedza kuti makoko afewe posenda, chimene alangizi akhala akulimbana nacho chifukwa cha poizoni wa aflatoxin, chimaononganso mafuta. Choipitsitsa n'chakuti mtedza wofwifwa ndi wachuku umene wakanidwa pamsika ndi umene ena amausankha kukafinya, poganiza kuti poti mafuta ake ndi odzola palibe kanthu. Mbali ina ya poizoniyo imalowa m'mafuta osayeretsedwa, yambiri imatsala mu keke imene imakadyetsedwa kwa nkhuku ndi ng'ombe za mkaka, ndipo palibe amene angatsimikize kuti botolo lolembedwa kuti lodzola silidzathiridwa m'ndiwo tsiku limene mafuta ophikira atha.

Mbeu zopaka mankhwala nazo ndi msampha. Mbeu zogula za mpendadzuwa, mtedza kapena thonje zimene zili ndi utoto wofiira kapena wobiriwira zinakonzedwera kubzala basi. Zikatsala pobzala siziyenera kulowa m'makina. Mankhwala ambiri ophera tizilombo amasungunuka bwino m'mafuta, ndipo mafuta amawathandiza kulowa m'khungu. Chimodzimodzinso zigubu ndi mabotolo amene munali mankhwala a thonje, a fodya kapena a dibi: pulasitiki amamwa mankhwala, ndipo kutsuka ndi sopo sikuwachotsa.

Mafuta akayengedwa, adani ake ndi mpweya, kuwala ndi kutentha. Mafuta a linoleic wambiri, amene ndi okomera khungu, ndi amenenso amasasa msanga. Akasasa amanunkha ngati mtedza wokhalitsa kapena penti, ndipo zinthu zimene zimapangika m'menemo zimayabwa khungu. Muyezo wa Codex wa mafuta odya umati nambala ya peroxide isapitirire 15 pa mafuta ofinya osaphika ndi 10 pa oyeretsedwa. Muyezowu unakonzedwera chakudya, koma ndi poyambira pabwino: mafuta amene sangaloledwe m'mbale sayenera kuloledwa pankhope. Botolo loonekera m'kati, losadzaza, loyalidwa padzuwa la Okutobala pamsika, limaononga m'milungu yochepa ntchito imene gulu linagwira nyengo yonse. Madzi otsalira m'botolo losauma bwino amabweretsanso nkhungu ndi tizilombo.

Malonjezo opitirira muyeso

Zovuta zina sizichokera m'mafuta koma m'mau a wogulitsa. Mafuta olemera opakidwa kumutu tsiku ndi tsiku amatsikira pachipumi ndi kutseka timabowo ta khungu, n'kubweretsa ziphuphu, vuto limene madokotala a khungu analifotokoza kale mu 1970. Kankhungu kotchedwa Malassezia, kamene kamakhala pamutu pa munthu aliyense, kamadya mafuta, kotero kuthira mafuta ambiri pofuna kuthetsa mfundu nthawi zina kumangoonjezera vutolo. Izi n'zazing'ono. Zazikulu ndi pamene mafuta alowa m'malo mwa chithandizo. Bala la moto limafuna madzi ozizira oyenda kwa mphindi 20 kenaka chipatala, osati mafuta. Mchombo wa khanda suyenera kupakidwa mafuta a mtundu ulionse. Chipere, mphere ndi khate zili ndi mankhwala ake kuchipatala. Ndipo palibe mafuta a mbeu amene amateteza ku dzuwa mokwanira. Kwa anthu achialubino, amene khansa ya pakhungu imawatenga ambiri akadali achinyamata, kukhulupirira botolo la mafuta m'malo mwa chipewa, zovala zamanja aatali ndi mafuta enieni oteteza ku dzuwa ndi nkhani ya moyo ndi imfa. Akuluakulu anati chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Amene akutsutsa

Ena anena kuti machenjezo otere adzaopseza ogula ndi kupha malonda a amayi amene angoyamba kumene kupeza phindu. Nkhawa imeneyi ndi yoona mtima ndipo siyenera kunyozedwa. Koma malonda a zodzola amaima pa chikhulupiriro. Mwana mmodzi akatupa thupi lonse ndi botolo logulidwa pamsika, mbiri imathamanga kuposa basi, ndipo imagwetsa magulu onse a m'deralo, osamala ndi osasamala omwe. Magulu amene akhalitsa pamsika wa kunja ndi amene anavomera kulemba kumene njere zachokera ndi kutumiza mafuta kukayesedwa. Chenjezo lolembedwa pabotolo limauza wogula kuti woyenga akudziwa ntchito yake.

Ena anena kuti makolo anadzola mafuta amenewa kwa zaka mazanamazana popanda vuto. Pa nsatsi, mfula ndi msikidzi zokonzedwa mwa njira yakale, mau amenewa ali ndi mphamvu. Koma makolo sanadzole mpendadzuwa wa haibulidi, sanafinye mbeu zopaka mankhwala, ndipo sanasunge mafuta m'chigubu cha mankhwala a thonje. Umboni wa makolo umagwira ntchito pa njira ya makolo.

Enanso anena kuti mlangizi wa zaulimi si dokotala, ndipo ali kale ndi midzi yambiri yoyendera ndi njinga imodzi. N'zoona, ndipo palibe amene akumupempha kupima odwala. Chimene akupemphedwa chili m'kati mwa ntchito yake ya masiku onse, pakuti kusankha mbeu, kuumitsa, kusunga ndi kusamala mankhwala ndi zimene amaphunzitsa kale pa chimanga ndi mtedza.

Zoyenera kuchita

Maphunziro alionse a kuyenga mafuta odzola ayenera kukhala ndi gawo la chitetezo, loperekedwa tsiku lomwelo, ndipo ngati n'kotheka mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo akhalepo. Gulu lifinye njere zokhwima, zouma, zosankhidwa ndi zosapaka mankhwala. Mafuta asefedwe, athiridwe m'mabotolo atsopano ouma, akuda kapena osungidwa mumdima, odzaza mpaka pakhosi. Pabotolo palembedwe dzina la chomera, mtundu wa mbeu ngati ukudziwika, dera, mwezi woyengera, zonse zosakanizamo ndi dzina la gulu. Popeza mtengo umodzi uli ndi maina osiyana ku Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe, ndipo dzina limodzi nthawi zina limatchula mitengo iwiri, dzina la sayansi lionjezedwe pa mafuta onse odutsa malire. Pasalembedwe kuti mafuta amachiritsa matenda.

Wogula aphunzitsidwe kuyesa mafuta atsopano pamalo aang'ono m'kati mwa mkono, kawiri patsiku kwa masiku 7 mpaka 10, asanadzole thupi lonse. Pakafiira, pakayabwa kapena pakatuluka matuza, asiye. Kutupa kwa milomo kapena nkhope ndi kubanika ndi chizindikiro chakuti munthu athamangitsidwe kuchipatala nthawi yomweyo. Gulu lisunge kope lolembamo madandaulo ndi kabotolo kamodzi ka mafuta a ulendo ulionse woyenga, kuti vuto likaoneka pakhale poyambira kufufuza.

Malo a kafukufuku naonso ali ndi mbali yao. Ku Chitedze, Msekera, Mount Makulu ndi malo ena otere, mbeu za mafuta zimayesedwa pa zokolola, kupirira matenda ndi kuchuluka kwa mafuta. Pamene mtundu watsopano ukutulutsidwa, kuchuluka kwa linoleic ndi oleic m'madera ozizira ndi otentha kuyenera kulembedwa pa pepala limene mlangizi amalandira. Mabungwe oona za miyezo, monga Malawi Bureau of Standards, Zambia Bureau of Standards, INNOQ ya ku Mozambique ndi Standards Association of Zimbabwe, angathandize kwambiri atagwirizana pa muyezo umodzi wosavuta wa mafuta odzola oyengedwa kumudzi, ndi mtengo woyesera umene kalabu ya amayi 20 ingaukwanitse. Mabotolowa amaoloka malire pa Mwami, Dedza ndi Nyamapanda m'zikwama za apaulendo, ndipo muyezo wothera pa malire a dziko limodzi sungawatsate.

Kufikira zimenezi zitachitika, mlonda amene alipo ndi mlangizi. Iye ndiye amadziwa munda umene mbeu inachokera, nkhokwe imene inasungidwa ndi chigubu chimene mafuta anathiridwa. Mayi wogula botolo pamsika kuti akadzoze mwana wake sadzamuona mlangiziyo, koma khungu la mwanayo lidzadalira zimene anaphunzitsa kapena zimene anasiya osanena tsiku limene makina anafika pamudzi.